MWINI NKHALANGO NDI ANANSI AKE

Sabata ino sindinena za mizere ya chimanga kapena za mankhwala a m'nkhokwe ai. Ndifuna kuti tikambirane za nkhalango za eni ake, ndiko kunena mitengo imene siili ya Boma ndiponso siili ya mudzi wonse, koma ili m'manja mwa munthu mmodzi, banja limodzi, mishoni kapena kampani. Kapena wina anena mumtima mwake kuti nkhani yotere nja anthu achuma, iye siimkhudza. Musafulumire kutero. Ngati muli ndi kamunda ka bulugama kuseri kwa nyumba, kapena munasiya kathengo kumutu kwa munda wanu, inunso ndinu mwini nkhalango. Ndipo ngati mulibe mtengo ngakhale umodzi, muli ndi mnansi amene ali nayo, ndipo zimene iye aganiza pa mitengo yakeyo ndizo zidzalamula ngati chitsime chanu chidzakhala ndi madzi m'mwezi wa Novembala.

ZIMENE NDINAONA KU AREA 14

Nthawi ina, m'nyengo ya dzuwa loswa mtengo, ndinaitanidwa ku Lilongwe ku maphunziro a alangizi, ndipo ndinafikira kwa mlamu wanga amene agwira ntchito yosamala pabwalo pa nyumba ina ku Area 14. Inu amene simunafikeko, dziwani kuti mzinda wa Lilongwe anaugawa m'zigawo za manambala, ndipo Area 14 ndi ena mwa malo a nyumba zikuluzikulu, kufupi ndi City Centre. Kumeneko nyumba imodzi ikhala pa malo oti kwathu kuno tingalimepo dimba lathunthu, ndipo imazingidwa ndi mpanda wa njerwa. M'kati mwa mipandayo muli mitengo italiitali, mibawa, mango, mapeyala ndi ina ya maluwa, kotero kuti masana dzuwa lili paliwombo munthu akhala pansi namva kamphepo kayaziyazi monga ngati ali m'mbali mwa mtsinje.

Si kutali ndi kumeneko, pakati pa Old Town ndi City Centre, kuli nkhalango ya Nature Sanctuary imene mtsinje wa Lingadzi upitamo. M'menemo muli mitengo yachilengedwe yofanana ndi imene agogo athu anaipeza m'chigwa chino, ndiponso apusi, mbawala ndi mbalame zamitundumitundu. Ana a sukulu amabwera pa mabasi kudzaona zinthu zimene makolo awo ankaziona kwaulere popita kukatunga madzi.

Koma m'mamawa, poyenda kupita ku maphunziro, ndinali kukomana ndi amuna akukankha njinga zosenza matumba a makala ndi mitolo ya nkhuni, thukuta lili kamukamu. Ambiri a iwo achokera kutali, ena ku Dzalanyama, atayenda usiku wonse. Pamenepo ndinazindikira kanthu kena. Anthu a m'tauni asunga mitengo ya m'mipanda mwawo, koma nsima yawo ipsa ndi mitengo ya kumudzi. Ndipo anthuwo achuluka kwambiri. M'chaka cha 1966 mu Lilongwe munali anthu pafupifupi 19,000 okha. Likulu la dziko linachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000. Ndiye ganizani nokha za moto umene usonkhedwa m'mawa ndi madzulo mumzinda wotere, ndi kumene nkhuni zake zichokera.

MKULU AMENE ANASINTHA MAGANIZO

Mwini wa nyumba ija ndi bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya Boma. Atamva kuti mlendo wa wantchito wake ndi mlangizi, anandiitanira pakhonde, ndipo tinacheza kufikira mdima. Iwo ali ndi munda waukulu kunja kwa mzinda, cha ku Mitundu, ndipo mbali ina ya mundawo ndi nkhalango yachilengedwe ya mombo, tsamba, muwanga ndi masuku.

Anandiuza kuti pamene anautenga mundawo anaganiza kuti nkhalangoyo ndi chuma chawo chokha, monga ndalama za m'thumba, ndipo anthu a m'midzi yozungulira ndi akuba. Chotero anagula waya waminga nazinga malo onse, nalemba alonda, nalamula kuti mayi aliyense wopezeka ndi nkhuni azimlanda, ngakhale zitakhala zouma zotola pansi. Kodi muyesa zinawayendera? Iai ndithu. Waya anayamba kusowa usiku, mitengo yabwino inagwa pamene alonda ali m'tulo, ndipo chaka ndi chaka m'mwezi wa Seputembala moto unali kubuka. Chowawa koposa nchakuti moto ukabuka panalibe munthu wothamanga ndi tsamba kukazima. Anthu anali kuimirira pakhomo pawo naonerera utsi.

Atatopa, bambowo anachita chimene akanayenera kuchita poyamba. Anapita kwa anyakwawa, napempha kuti aitane anthu, nakhala nawo pansi pa bwalo. Anapangana motere. Amayi azitola nkhuni zouma pa masiku awiri oikika pa sabata, popanda kulowa ndi nkhwangwa. Bowa, masuku, udzu wofolera nyumba ndi mizu ya mankhwala azitenga onse mwaulere, koma mosaononga mtengo. Anyamata ofuna kuweta njuchi apachike ming'oma yawo. Pakagwa maliro m'mudzi, mwini munda azipereka nkhuni. Ndipo a m'mudzi nawonso analonjeza kulambula msewu wotchinga moto mvula ikatha, ndi kuletsa mlendo aliyense wobwera ndi macheka kapena wofuna kuotcha makala.

Kuyambira pamenepo, anatero bambowo, moto ukangoonekera anthu amauzima iwo asanamve nkomwe kuno ku tauni. Ndipo anamaliza ndi mawu awa: "A mlangizi, ndinataya ndalama zambiri kugula mpanda wa waya, pamene mpanda weniweni unali anthu amene ndinali kuwathamangitsa." Makolo athu sananame pamene anati kupatsa nkuika.

MAGANIZO ATATU A ENI NKHALANGO

Pa ntchito yanga ndakomana ndi eni mitengo ambiri, aakulu ndi aang'ono, ndipo ndaona kuti maganizo awo ali a mitundu itatu.

Oyamba ndi amene aona ndalama zokha. Munthu wotere akayang'ana mtengo amawerenga matabwa, milimo ndi matumba a makala. Tisamseke, pakuti si kulakwa kufuna phindu. Kamunda ka mitengo ndi banki ya mlimi. Sikalira feteleza chaka chilichonse, sikafa ndi ng'amba ya milungu itatu monga chimanga, ndipo mwana akasankhidwa kupita ku sekondale mwini adula mapolo nagulitsa. Cholakwa chili pamene munthu agulitsa nkhalango yonse tsiku limodzi kwa ootcha njerwa, nasiya phiri lili mbee, osaganiza za amene alima kumunsi kwake.

Achiwiri ndi amene asunga mitengo chifukwa ntchito yawo siingayende popanda nkhuni. Awa ndiwo maesiteti a tiyi ndi a fodya. Ku Thyolo ndi ku Mulanje makampani a tiyi ali ndi minda yaikulu ya bulugama, pakuti tiyi amuumitsa ndi moto m'mafakitale, ndipo ambiri anasiyanso mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mitsinje kuti madzi asaphwe. Taonani chimene chinachitika kumeneko. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, imene inali yotetezedwa ndi Boma, inatha pafupifupi yonse, koma zidutswa za nkhalango yakale zikali kuoneka m'maesiteti monga Satemwa. Tsono mwini wake wosamala angathe kusungira dziko lonse chinthu chimene chikanatayika. Komabe tinene zoona: anthu a ku Thyolo anakwera phiri ndi makasu chifukwa cha kuchepa kwa malo olima, ndipo nkhalango yoyandikana ndi anthu opanda minda ndi nkhuni siikhala pa mtendere. Kuno ku chigawo cha pakati maesiteti a fodya polandira lizi analamulidwa kusiya ekala imodzi pa maekala 10 alionse kuti ikhale ya mitengo. Amene anasunga pangano limeneli ali ndi nkhuni za m'mabalani ndi milimo ya zigafa pakhomo. Amene sanasunge, ndipo ngambiri, anatuma mathirakitala kukagula nkhuni m'midzi, ndipo thengo la mudzi ndilo linalipira.

Achitatu ndi amene aona nkhalango monga cholowa cha ana ndi ulemu wa pamudzi. Awa kawirikawiri ndi achikulire. Mukawafunsa chifukwa chake sadula, amakuuzani za bowa wa utale ndi manyame amene akazi awo azula m'dzinja, za mphalabungu, za mthunzi wa ng'ombe, za mankhwala a mwana wodwala m'mimba. Amadziwanso kuti mnansi akabwera kudzapempha mtengo wa mpini kapena wa mtondo, namupatsa, mawa mnansiyo ndiye adzabwera kudzathandiza kufolera nyumba.

Mwa anthu atatuwa, amene nkhalango yake ikhalitsa ndi uja aphatikiza maganizo onse: apeza ndalama, apeza nkhuni za ntchito yake, ndiponso alola anansi kudyako zimene iye sataya nazo kanthu.

ZINTHU ZOSADZIWA MALIRE

Munthu angathe kuloza malire a munda wake, koma pali zinthu zisanu zimene sizifunsa za malire. Zinthuzo ndi madzi, dothi, mphepo, njuchi ndi moto.

Tiyambe ndi madzi. Anthu a ku Area 14 akatsegula mpopi madzi atuluka, koma madziwo sabadwira mu mpopi. Mtsinje wa Lilongwe uchokera m'mapiri a Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, m'nkhalango ya mahekitala oposa 98,000 imene Boma linaipatula mu 1922. Madzi ake amawasunga ku Malingunde m'madamu awiri a Kamuzu, loyamba la mu 1966 ndi lachiwiri la mu 1989. Mitengo ikachepa ku Dzalanyama madzi a mvula salowa pansi, koma athamanga pamwamba atasenza dothi, ndipo dothilo likwirira damu. Nkhaniyi inakula kotero kuti mu 2015 Boma linatumiza asilikali kukalonda nkhalangoyo. Koma ngakhale panali asilikali makala sanaleke kulowa mumzinda, pakuti mfuti siiphika nsima ndiponso siipatsa wootcha makala njira ina yopezera mchere ndi sopo.

Dzalanyama nja Boma, koma phunziro lake lifika pakhomo panu. Kamtsinje kalikonse ka m'mudzi kali ndi Dzalanyama wakewake, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi kathengo ka munthu mmodzi kumutu kwa dambo.

Pano ndiulule cholakwa changa ine mwini. Pamene ndinali watsopano pa ntchito ndinalangiza mlimi wina kubzala bulugama pa malo ake onyowa kumutu kwa dambo, poona kuti pamenepo mbande sizidzafa. Mitengo inakuladi mokondweretsa, ndipo ndinali kubwera ndi alimi ena kudzaionetsa. Koma patapita zaka zingapo chitsime chimene amayi a mabanja ambiri anali kutungapo chinayamba kuphwa m'Seputembala, ndipo madimba a kumunsi anauma tomato asanapse. Bulugama akula msanga chifukwa amamwa kwambiri. Mlandu unafika kwa amfumu, ndipo ine ndinaimirira pabwalo ndi manyazi kunena kuti wolakwa woyamba ndine. Mwini mitengo anavomera kudula yonse ya kufupi ndi madzi ndi kupha zitsa zake, nabzalapo mikuyu ndi katope. Anataya ndalama ndithu, koma akanakana akanataya mudzi. Kuyambira tsiku lija sindilangiza munthu za mitengo ndisanafunse kuti kumunsi kwake kukhala yani.

Madzi akachuluka nawonso safunsa malire. M'mwezi wa Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira nuononga nyumba ku Mtandire ndi m'malo ena a mu Lilongwe. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera pa phiri la Soche ku Blantyre, ndipo m'chigawo cha kumwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mvula yotere palibe munthu angailetse, koma pamene phiri lili lopanda mitengo ndipo magombe a mtsinje analimidwa, madzi atsika ndi ukali woposa, ndipo amene alira ndi wa kumunsi amene sanadule mtengo ngakhale umodzi.

Chimodzimodzi mphepo: mzere wa mitengo ya mnzanu utchinjiriza denga lanu. Njuchi za m'nkhalango mwake ndizo zitera pa maluwa a maungu, nyemba ndi mpendadzuwa wanu kuti zibereke. Ndipo moto umene mwana wanu ayatsa posaka mbewa ungathe kutentha m'ola limodzi mitengo imene mnzanu waisamala zaka 10.

LAMULO LINENA CHIYANI?

Alimi ambiri amandiuza kuti safuna kusunga mitengo yachilengedwe chifukwa nja Boma, ndipo ikakula a zankhalango adzawaletsa kudula. Maganizo amenewa ngakale. Lamulo la Nkhalango la mu 1997 linena kuti munthu kapena mudzi umene usamala mtengo kapena nkhalango pa malo amene uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito, ngakhale mtengowo ukhale wobzala kapena womera wokha, ndiye mwini wake, ndipo angathe kukolola ndi kugulitsa mosaononga. Chimene lamulo likaniza ndi kuotcha kapena kugulitsa makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 Nyumba ya Malamulo inakonzanso lamuloli nikulitsa zilango zake. Tsono musanadule mitengo yambiri yogulitsa, kapena kuinyamula pa galimoto, yambani mwaonana ndi mlangizi wa zankhalango wa kwanuko kuti akuuzeni za makalata ofunika.

Lamulo lomweli lipatsa amfumu mphamvu yopatula nkhalango ya mudzi, mothandizana ndi a zankhalango, ndipo anthu a m'mudzimo asankha komiti yoiyang'anira. Nzeru imeneyi siyachilendo, pakuti nkhalango za midzi zinayamba m'dziko muno mu 1926. Ndiponso lamulo la malo a makolo la mu 2016 lilola banja kulembetsa malo ake kuti malire adziwike. Munthu amene adziwa kuti malo ngake, ndi kuti ana ake sadzathamangitsidwa iye akafa, ndiye alimba mtima kubzala mbawa umene udzapereka matabwa iye atakalamba.

Izi zinaoneka bwino ku dziko la Niger, kumadzulo kwa Africa, kumene kuli kouma koposa kuno. Mu 1983 mlangizi wina wochokera ku Australia, dzina lake Tony Rinaudo, anayamba kuphunzitsa alimi a ku Maradi kuti asazule zitsa m'minda, koma azisiya mphukira zochepa zamphamvu ndi kuzitengulira. Pamene alimi anatsimikiza kuti mitengoyo idzakhala yawo, nzeruyo inafala kuchoka kwa mlimi kupita kwa mnzake, ndipo malo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni anabiriwiranso, popanda nazale kapena machubu. Zitsa zotere zilipo zambiri m'minda yathu, ndipo chaka chilichonse timazitentha.

PHUNZIRO LA KU MANDA

Mukayenda pa msewu wa ku Mchinji kapena wa ku Dedza, yang'anani uku ndi uku. Minda ili yeretsete kufikira kumene maso alekeza, koma apa ndi apo muona kagulu ka mitengo yaikulu yakuda bii. Simufunsa kuti nchiyani, mudziwa kuti ndi manda. Pamenepo palibe waya, palibe mlonda wolandira malipiro, koma nkhwangwa siilira. Chifukwa chake nchiyani? Nchifukwa chakuti aliyense m'mudzimo ali ndi wake amene agona pamenepo, ndipo malamulo ake awadziwa onse, ndi ana omwe. Nkhalango imene anthu ali ndi gawo lawo m'menemo ndiyo ikhala. Mwini nkhalango wanzeru aphunzire pamenepa.

KWA INU ENI MITENGO

1. Musanamange mpanda, pitani kwa amfumu ndi kwa anansi anu. Yendani nawo m'malire kuti aliyense aone ndi maso, ndipo mupangane pamaso pa mboni zimene mulola ndi zimene muletsa. Ngati pali wodziwa kulemba, lembani, ndipo pepala lina likhale kwa amfumu.

2. Lolani zimene sizikuchotserani kanthu. Nkhuni zouma, bowa, zipatso zakuthengo ndi udzu zikakhala m'nkhalango zingoola kapena kukolezera moto. Udzu ukamwetedwa moto uchepa mphamvu. Kumbukirani makamaka amayi amasiye ndi okalamba amene sangathe kuyenda mtunda wautali.

3. Musabzale bulugama kumutu kwa dambo, pafupi ndi chitsime, kapena m'malire mwa munda wa mnzanu. Mpatseni malo a kumtunda ndi a miyala. M'mbali mwa mtsinje siyani mitengo yachilengedwe, ndipo onjezani mikuyu, katope, mibawa ndi nsungwi.

4. Musadule munda wonse wa mitengo nthawi imodzi. Ugaweni m'zigawo, chaka chino ichi, chaka chamawa icho, kuti ndalama zizibwera chaka ndi chaka ndipo dothi lisakhale pambalambanda. Zitsa zikaphuka siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zoongoka.

5. Lambulani msewu wotchinga moto m'mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu usanaumitse. Musadikire Seputembala.

6. Mukafuna aganyu a ku nazale, olambula kapena ocheka matabwa, yambani ndi ana a m'mudzi momwemo. Munthu satentha munda umene umpatsa ndalama.

7. Khalani pansi ndi akazi anu pokonza za mitengo. Bambo aganiza za mapolo, koma mayi ndiye adziwa mtengo wa nkhuni zabwino, wa zipatso ndi wa mankhwala. Ndipo nenani poyera, mukali ndi moyo, amene adzalowa m'nkhalangoyo, kuti ana ndi adzukulu asadzaigulitse mwaliwiro poopana.

KWA INU ANANSI

Tsono ndisakondere mbali imodzi. Mwini nkhalango wasiya malo amene akanalimapo chimanga kapena fodya, wadikira zaka zambiri, ndipo zina za phindu lake mukudya ndinu. Nkoyenera kumchitira ulemu. Akakulolani kutola nkhuni zouma musasende khungwa la mtengo wamoyo kuti uume mudzautole mwezi wamawa. Chinyengo chotere ndicho chimatseketsa zipata. Popempha mankhwala musazule mizu yonse kapena kusenda khungwa kuzungulira thunthu. Mbuzi ndi ng'ombe zisalowe kumene kuli mbande. Langizani ana za moto wa mbewa, ndipo utsi ukaoneka thamangani, pakuti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Koposa zonse musakhale opempha masiku onse. Ngakhale munda wanu uli waung'ono, malo a mitengo alipo: m'malire, kuseri kwa khola, m'mbali mwa njira. M'munda mwenimweni siyani msangu, umene uyoyola masamba m'dzinja ndi kuphuka m'chilimwe, kotero kuti suphimba chimanga koma uchipatsa chonde. Gilisidiya apatsa manyowa ndi nkhuni pamodzi. Keshya akula msanga ndipo chiswe sichimuvuta kwambiri. Amayi, mbaula ya dothi ya Chitetezo idya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo mtolo umodzi ukhalitsa.

Boma la Malawi linalonjeza mu 2016 kubwezeretsa mitengo ndi chonde pa malo okwana mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Malo ochuluka chotere sali m'nkhalango za Boma zokha ai. Ambiri ali m'minda, m'madambo ndi m'timapiri ta anthu wamba, ndiko kunena m'manja mwanu. Nyengo yobzala mitengo iyamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, koma mlimi wochenjera akonza nazale ndi kukumba maenje mvula isanagwe, nabzala ndi mvula yoyamba yokhazikika kuti mbande zigwire nthaka chilimwe chisanafike.

Bambo aja a ku Area 14 anandiperekeza kufikira pa geti, ndipo anandipempha kuti ndikauze eni minda anzawo kuti asadikire moto wachitatu monga anachitira iwo. Uthengawo ndaupereka. Tsono sabata ino, inu amene muli ndi mitengo, pitani mukaone amene atunga madzi kumunsi kwanu ndipo mukacheze nawo. Inu amene mulibe, kayendereni zitsa za m'munda mwanu musanazitenthe. Amene ali ndi funso afike kwa mlangizi wa m'dera lake pa tsiku la msonkhano wa kalabu. Tsalani bwino.